Nkhope ya Amake Tadala

Lolemba

Tadala, mwana wanga mmodzi yekhayo, akunyamuka Lamulungu kupita ku Joni. Ndikufuna apite ndi amayi ake pakhosi. Madamu amene ndimawadulira kapinga ku Area 43 ali ndi kanthu kotchedwa loketi: kabokosi kovala m'khosi, kotseguka ngati chitseko, m'kati muli chithunzi. Ndapempha tchuthi cha sabata imodzi. Ndipanga ndekha!

A Saidi, okonza mphete ndi mawotchi kuseri kwa msika wa m'tauni, ayang'anitsitsa zala zanga. "Achimwene, izi ndi zala za khasu." Komabe avomera kundiphunzitsa.

Chithunzi cha malemu mkazi wanga chilipo chimodzi chokha, chimakhala m'buku langa la nyimbo. Anatisiya Tadala ali ndi zaka zinayi, ndiye nkhope ya amake amaidziwira pomwepo. Wandipempha kangapo kuti achijambule pa foni, ine ndimakana. Mkazi wanga akakhale m'foni limodzi ndi zopusa za pa intaneti? Ayi ndithu.

Lachiwiri

Zofunika:
- kachidutswa ka mkuwa
- tupa ndi kanyundo
- kasowo kowonda ngati ulusi
- mtovu wowotcherera
- mtima woleza, umene a Saidi akuti sagulitsa

Timasowo tinayi ndathyola dzuwa lisanafike pamutu. Zivindikiro ziwiri ziyenera kufanana. Changa china chatuluka dzira, china mbatata.

Lachitatu

Kupala ndi tupa tsiku lonse. Ndikapala ichi chikuchepa, ndikapala chinzake kuti zilingane nacho chikuchepa mopitirira. Loketi yafika ngati chitsekerero cha botolo, ndipo chithunzi sichikulowa.

Ndatenga sizasi. Mapewa apita. Duku lapita theka. Pepani amake Tadala, pepani. Tizidutswato ndatibwezera m'buku la nyimbo. Misozi yatuluka, ndanamizira fumbi la mkuwa.

Lachinayi

Hinjesi, polumikizira zivindikiro! Timapaipi titatu tonga njere za mpunga, kawaya kodutsa pakati. Kamodzi kagwa pansi. Mayi wina wobweretsa wotchi watipeza madoda awiri tikukwawa pansi pa tebulo, wangobwerera osapereka moni. Kapezeka m'mpindiro wa buluku langa.

A Saidi: "Mtovu ukachuluka umalowa m'hinjesi, chitseko osadzatsegukanso. Mawa muwotcherera ine ndikuona."

Kunyumba Tadala akulongedza zovala, akung'ung'udza nyimbo imene amake ankakonda pochapa. Sakudziwa kumene anaitenga. Ndatuluka panja.

Lachisanu

Masana a Saidi avala mkanjo woyera, akupita kumzikiti. "Moto musaukhudze mpaka ndibwere." Ndati chabwino.

Ndaika chithunzi m'kati, kungoyesa chabe. Chakwana bwinobwino! Amake Tadala akundiyang'ana ndi kampata kawo ka mano kaja. Ndatseka. Ndakhala. Ndakhalabe. A Saidi sakubwera, lero ndi Lachisanu kale, moto wa gasi uli pomwepo. Munthu wa imvi ngati ine ndizidikira chilolezo?

Mtovu ndathira wambiri kuti ilimbe, poti Joni ndi kutali.

Kenako kafungo ka pepala lopsa. Kautsi kakutuluka m'mphepete.

Chithunzi sindinachotse. Mayo ine!

Loweruka

Loketi yagwirana ngati mwala. A Saidi aizunguza, ainunkhiza. "Ndikhoza kuicheka, koma mupezamo phulusa." Ndati aisiye.

Sanandikalipire, bola akanatero. Aipukuta mpaka yawala, aikako katcheni kawo, andithirira tiyi wa mkaka. Tamwa.

Ndikatsinzina ndikuwaona amake Tadala: duku, kampata ka mano, maso. Koma mphuno yayamba kundithawa. Ndikuchita mantha kwambiri. Tadala ndimuuza mawa, ndithu ndimuuza.

Lamulungu

Kudepoti m'mawa, phokoso la oitanira ndi fungo la dizilo. Ndamupatsa. Wayesa kutsegula ndi chikhadabo, wayesa ndi dzino.

"Adadi, sikutsegukatu."

Ndati hinjesi ndi yatsopano. Waigwedeza pafupi ndi khutu, wamvetsera.

"Koma amayi alimo?"

Ndati alimo.

"Basi, asatuluke." Wavala, wailowetsa m'kati mwa bulauzi, wakwera basi.

Ndabwerera wapansi kudutsa pamlatho. Mawa ndi kapinga wa madamu. Ndatsegula buku la nyimbo kuti ndiimbeko, ndapeza zanga zonditsalira: mapewa awiri ndi theka la duku.