Distansi Ndiye Kuti Kutali

LOLEMBA

Ndili pamwamba pa chulu kuseri kwa nyumba, chitenje m'chiuno, majombo a bambo a Tadala kumapazi, dzanja limodzi m'mwamba ndi foni. Netiweki ya kwathu kuno imapezeka pamenepa basi. Maso ndatsinzina, ndikuloweza mokweza mayina a mankhwala a BP. Potsegula maso: azakhali! Agwada m'munsi mwa chulu, thumba lawo pambali, manja pachifuwa.

"Ameni. Pitiriza mwanawe, sindinafune kukudula malilime."

Namwino wa zaka zisanu ndi zinayi pantchito! Ndatsika mwakachetechete.

Azakhali ndi mlongo wawo wa malemu bambo anga, amakhala ku Muloza, kumalire. Foni sanaimbe. Mlendo safunsidwa chomwe wadzera: umampatsa mpando, madzi, n'kudikira. Akuti angobwera kudzandiona.

Nkhani ya sabata ino ndiilembe pano. Ndikufuna digiri. Dipuloma yandifikitsa pomwe ikanatha. Ana amene ndinawaphunzitsa kubaya jakisoni, lero ndi amene amandilembera ndandanda ya ntchito. Fomu ya ku koleji ili m'Baibulo, ku Masalimo, ndipo iyenera kupita Lolemba likudzali. Ili ndi timabokosi tiwiri:

1. Kukakhala ku koleji konko ku Lilongwe. Zaka ziwiri, hositelo, belu. Kusiya Tadala wanga wa Sitandade 2 m'manja mwa bambo ake, munthu wosadziwa kumene kumakhala sopo m'nyumba yake yomwe.
2. Distansi. Kuphunzira uli pakhomo, pa foni ndi m'mabuku. Ntchito osasiya, mwana osamusiya.

Mtima uli pa 2. Koma namwino sapereka mankhwala asanayeze. Ndatenga tchuthi cha sabata imodzi kuti ndidziyeze ndekha: buku lonenepa la za mankhwala, lobwereka kwa sista wamkulu, masamba makumi awiri tsiku lililonse. Ndikakwanitsa, ndichonga 2. Ndikalephera... sindilephera.

Masamba a lero: asanu ndi limodzi. Osadandaula, azakhali anyamuka mawa. Mlendo ndi mame.

LACHIWIRI

Mame sanakamuke.

Kunja chiperoni, phiri silikuoneka ndi pang'ono pomwe. Azakhali amasula thumba:

zitenje zinayi
nsapato za kutchalitchi
poto wawowawo
kalongonda, wochuluka

Munthu wogona usiku umodzi satenga poto.

Kalongonda! Nyemba zofuna ulemu kuposa apongozi. Kuphika kuyambira m'mawa, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso, apo ayi mutu uzungulira. Azakhali ati nkhuni zanga n'zonyowa, choncho wopemerera moto ndine. Buku pabondo, utsi m'maso. Mutu woyamba wonse wa bukuli ukununkha kukhitchini.

Pakati pa madzi achiwiri ndi achitatu akufunsa: "Nanga tsiku lake ndi liti?"

Ndadabwa kuti za fomu akuzidziwa. Ndati Lolemba, azakhali. Agwedeza mutu, apukuta m'maso ndi chitenje. Utsi umenewu!

Chakumadzulo apita kukapereka moni kwa anansi, nyumba ndi nyumba. Mwayi wanga: ola lathunthu la bata. Ndagona pa tsamba 9, tsaya pa chithunzi cha impso.

Masamba: atatu.

LACHITATU

"Odi anesi!" Sikisi koloko isanakwane.

Pakhonde pali:

A Mulimba, amene ankanyamulira alendo katundu paphiri ku Likhubula mpaka maondo anatha. "Mundiyeze komaliza, anesi." Ndawauza kuti sakufa. Ati sakunena za iwo.

Mayi a Chisomo othyola tiyi, mwana wa chifuwa kumsana, phava la nthochi kumanja.

Bambo wina sindimudziwa. Sakudwala kalikonse. Akungofuna makina a BP amufinye mkono, akuti zimamukomera.

Ena anayi kumbuyo, aima pamzere okha popanda wowauza.

Ndalengeza kuti ndili pa tchuthi, chipatala n'chotsegula, apite kumeneko. Onse avomera kuti ndi zoona. Onse akhala pansi.

Namwino akakhala pakhomo, pakhomo pamasanduka chipatala. Izi pa fomu sanalembe.

Aliyense akusiya kenakake: chinangwa, nzimbe, nandolo. Anthu a kuno ndi okoma mtima, inde, koma chiyambire sanandikondepo chonchi.

Masana ndakwera pachulu kukamvera phunziro loyeserera lomwe koleji inatumiza pa foni. Mphunzitsi wanena mawu atatu, netiweki n'kuthawa, iye n'kuuma, kukamwa kuli yasa, diso limodzi lotseka. Wakhala choncho mphindi khumi. Azakhali akwera kudzasuzumira.

"Ameneyu ndi sitiroko. Muthandize, si ndiwe nesi?"

Masamba: limodzi, la 9 lomwe lija.

LACHINAYI

Njira yatsopano: kuthawa.

Buku m'chikwama, ndanamizira mchere, ulendo wa ku Chitakale. Ndapeza benchi kuseri kwa shopu ya telala. Bata! Ndime yoyamba. Ndime yachiwiri. Kenako mthunzi pa tsamba.

Telala: "Anesi, poti mwabwera kale, pali kachithupsa kena kumsanaku." Shati wavula ndisanayankhe.

Pa siteji kondakitala wina wandikuwira: "Anesi, Lolemba mpando wakutsogolo ndi wanu! Katundu ndi wochuluka bwanji?" Ndati envelopu imodzi. Waseka mpaka kutsokomola. Anthu a minibasi sindiwamvetsa.

Mchere ndaiwala.

Pakhomo ndapeza azakhali akumuluka Tadala tsitsi, mizere yowongoka ngati ya tiyi ku esiteti. Ndipo Tadala sakulira! Ndikamamuluka ine mudzi wonse umadziwa. Akumuphunzitsanso Chilomwe. Ndamva ndikulowa: "Mayi ako koleji inawadyera chonse, anangotsala ndi moni."

Sutikesi yanga ya pa ukwati yatsitsidwa pamwamba pa kabati, yapukutidwa, ili padzuwa yotsegula. Ndafunsa. Akuti inachita chuku. Ndanunkhiza. Zoona.

Ndawanong'oneza bambo a Tadala kuti afunse, mwanzeru, tsiku lonyamuka.

"Ine? Mkamwini afunse apongozi kuti anyamuka liti? Banjali ndikulifunabe."

Masamba: ndime ziwiri ndi kachithupsa kamodzi.

LACHISANU

Ndayesa zachikulu, zozungulira.

Nkhuku zanu ku Muloza akuziyang'anira ndani, azakhali? "Mulungu."
Nanga mbuzi? "Zimadziwa njira."

Kenako, cha m'ma naini, mawu amene ndakhala ndikuwadikira: "Tiye undiperekeze." Aleluya! Nsapato ndavala ndikuthamanga. Ambulera ndawanyamulira. Panjira ndikuwauza kuti akanakhalako pang'ono, sitinachezetu. Bodza la ulemu si tchimo.

Tafika pamsewu m'pamene ndaona kuti thumba alibe. Sakupita ku Muloza. Tikupita kumsika kukagula mtedza.

Mtedza wokwana mpingo wonse! Kusankha, kuthira mchere (wobwereka), kukazinga, kupepeta. Zala zapsa. Buku lonenepa lapeza ntchito: latsindira chivundikiro cha ndowa ya mtedza kuopa makoswe. Azakhali aliyamikira. Ati ndi buku labwino, lolemera.

Dzuwa likupendeka, amayi a kumpingo asanu ndi atatu, zovala zoyera, nyimbo kuyambira kumsewu. Akhala pamkeka. Nyimbo ziwiri, pemphero limodzi lalitali, kenako bulangete latsopano m'manja mwanga.

"Kumeneko akuti kumazizira."

Ndati eya, pachulu pamazizira ndithu. Palibe waseka. Mmodzi wandisisita pamsana.

Pali chinachake chimene aliyense akuchidziwa kupatula ine.

Masamba: ziro. Buku lili pantchito.

LOWERUKA

Zaululika!

Tadala m'mawa, akutsuka mano: "Amama, mukakabwera mudzandigulire chiyani?" Kubwera kuchokera kuti? "Kutali."

Kafukufuku wachidule, mboni imodzi, wolakwa mmodzi. Mwezi watha bambo a Tadala anakumana ndi azakhali pamaliro ku Muloza. Monyadira anawauza kuti mkazi wawo akuyamba sukulu ya distansi. Azakhali anafunsa kuti distansi n'chiyani. Bambo, kalaliki wa ku esiteti, mwini Chingerezi pabanja pano, anayankha: "Distansi ndiye kuti kutali."

Basi. Osawonjezera kanthu.

Ndiye kuti azakhali sanabwere kudzandiona. Abwera kudzandiperekeza. Mwana wa mlongo wako sanyamuka ulendo wautali popanda wamkulu womutulutsa pakhomo. Sabata yonse ine ndikudikira kuti iwo anyamuke, iwo akudikira kuti ine ndinyamuke. Tonse mwaulemu.

Mtedza: kamba wa paulendo.
Sutikesi: chuku chinali chonamizira.
BP yomaliza ya a Mulimba: womaliza ndine.
Misozi ya Lachiwiri: sunali utsi.

Ndakhala nawo pamkeka kuti ndifotokoze. Distansi ndi sukulu imene supita.

"Sukulu ili kutali?" Eya.
"Iwe uli kuno?" Eya.
"Ndiye wapita ndani?" Palibe.
"Aphunzitsi ake ndi aja a sitiroko?"

Azakhali ayamba kutola timiyala mu nandolo. Kenako afunsa kuti sabata ino ndaphunzira zingati. Masamba asanu ndi anayi ndi ndime ziwiri. Ndati ndi chifukwa cha alendo. Mwadala sindinawayang'ane.

"Mbiri ndinafalitsa ndine, koma odwala sindinawaumbe ine. Ndikachoka, maondo a a Mulimba apola?"

Sapola. Ndipo iyi ndi sabata ya tchuthi, yopanda wodi, yopanda kuima maola khumi ndi awiri. Sabata yofewa kuposa zonse zimene ndidzakhale nazo.

Afunsa chomwe chikundimanga. Ndaloza ndi chibwano: Tadala ali pabwalo, akubaya nthochi jakisoni ndi kamtengo.

"Uyu? Ine sukulu ndinasiyira Sitandade 3 kuti ndizibereka bambo ako kumsana ali khanda. Ndinalera bambo, ndilephere mdzukulu?"

Ndapita kukhitchini. Moto kunalibe, koma utsi unalipo.

Bambo a Tadala akhala kumunda tsiku lonse. Mwezi uno kumunda kulibe cholima.

LAMULUNGU

Kutchalitchi, nthawi ya zolengeza, mlembi wawerenga kuti anesi athu akutisiya mawa. Andiimiritsa. Andipempherera mpingo wonse. Nkhani sungaikonze pakati pa pemphero. Ameni wanga wamveka mpaka kumbuyo.

Pobwera ndatulutsa fomu mu Masalimo. Kabokosi 2 ndakayang'ana nthawi yaitali. Si koipa. Mnzanga wa ku wodi ya amayi akuchita distansi ndipo zikumuyendera, koma iye amachita lendi pa boma ndipo anansi ake amaganiza kuti amagulitsa kaunjika. Ine pano ndinabadwira. Theka la ana a m'mudzi muno ndinawalandira ndi manja angawa. Chitseko changa sichitsekeka, ndipo ndikunama ndikati ndikufuna chitsekeke.

Ndamufunsa Tadala ngati angakhale ndi agogo ake. Wafunsa ngati azimuluka ndi iwo. Ndati eya. Wati chabwino. Mofulumira kwambiri, kunena zoona.

Ndachonga 1.

Bambo a Tadala asuzumira paphewa panga. "Si ndinanena ine kuti kutali?"

Ndawafotokozera azakhali kuti chopita mawa ndi envelopu yokha. Sukulu, akanditenga, ndi Januwale.

"Januwale? Ndiye ndikudikira chiyani pano? Nkhuku zanga!"

Mphindi khumi, thumba lamangidwa. Mtedza atenga theka, ati kamba ndi wa amene akuyenda. Buku lamasuka. Poto asiya pa alumali. "Ndidzaupeza."

Kuperekeza kwenikweni tsopano: ine ndi thumba pamutu, Tadala atagwira chitenje chawo, mpaka pamsewu. Phiri laoneka lonse lero. Wakabaza waima, azakhali akhala chammbali, nsapato za kutchalitchi pamwendo. Njinga yayamba kuyenda, atembenuka:

"Bulangete usabweze, n'zamanyazi! Anthu akakuona Lachiwiri, uziti wabwera ku holide!"

Akhota m'minda ya tiyi. Kwatsala kafumbi. Mame akamuka.

Masamba a lero: limodzi. La fomu.