Mabuku a Unamwino Amene Ndinagulira Esnati

Mpaka lero ndikaona buku lokhala ndi namwino pachikuto, ndimayang'ana kumbali. Lekani ndikuuzeni chifukwa chake, museke. Ineyo ndinaseka kale.

Bambo a Esnati atamwalira, ndinatsala ndi mwana wangayo m'kachipinda ka padenga la mafulati ku Berea, komwe ndinkachapa ndi kusita. Esnati anali ndi zaka khumi ndi zitatu. Analibe mapepala olowera sukulu ku Joni, choncho bambo ake ndiwo ankamuphunzitsa pakhomo akaweruka kuntchito. Ine sukulu ndinalekera Sitandade 2 (nayonso ndinachita kubwereza).

Maliro atatha, alamu anga a Filipo, kalaliki wa ku mgodi, sanabise mawu. "Mlamu, mwanayu apite kumudzi ku Ntcheu. Kuno amuphunzitsa ndani?"

"Ine."

"Inu?" Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Chabwino. Ndibwera pakatha miyezi itatu. Akalephera kuwerenga Chingerezi, ndikamukweza ndekha basi pa Park Station."

M'mawa mwake ndinapita ku Mayfair kwa Che Saidi, bambo wa ku Mangochi amene ankagulitsa mabuku akale pamodzi ndi maloko ndi zipeso. Ndinali ndi nzeru yanga. Malemu ankafuna Esnati adzakhale namwino, ndiye ndinasankha buku lililonse lokhala ndi namwino pachikuto. Ndinapeza asanu ndi limodzi! Pa lililonse panalinso dokotala ataima pafupi kwambiri ndi namwinoyo (ine ndinkati akumulangiza za odwala).

"Amayi, awa ndi a mwana?" anafunsa Che Saidi.

"Eya. Akuphunzira unamwino."

Anatsegula pakamwa, natsekanso. "Aphunzira zambiri," anatero akuwakulunga m'nyuzipepala.

Aa, mwana anawakonda mabukuwo! Iye amene bambo ake ankachita kumukakamiza, tsopano ankawerenga ngakhale potsuka mbale. Ndinaika lamulo: masana aliwonse ine ndikamasita, iye aziwerenga mokweza, kenaka alembe mawu atsopano khumi m'kope. Ine ndinkangogwedeza mutu ngati mphunzitsi wamkulu. Nthawi zina ankatsitsa mawu n'kumamwetulira yekha.

"Pamenepo akuti chiyani?"

"Za mtima, amayi. Akuti ukugunda kwambiri."

"Matenda oopsa amenewo. Werenga kawiri."

Tsiku la alamu linafika, Lamlungu masana. Pofuna mboni, ndinaitananso Mayi Nabanda, mtsogoleri wa amayi kutchalitchi chathu cha m'holo (kudzitama kunandipweteketsa apa). Esnati anapempha kuti awerenge tsamba loyamba. Ine ndinakana.

"Koyambako n'kophweka. Alamu, mutsegulireni chakumapeto, kovuta kwenikweni."

Mwana anawerenga osaphunthwa ngakhale kamodzi. Koma alamu anayamba kutsokomola. Anavula magalasi, napukuta thukuta. Ine ndinkati achita manyazi kuti ndawagonjetsa.

Mayi Nabanda, amene Chingerezi ankachimva ngati ine ndemwe, anati, "Tamasulira mwanawe, nafenso tipinduleko."

Esnati anandiyang'ana mondichonderera.

"Masulira!" ndinalamula.

"Akuti... dokotala anatseka chitseko, namugwira namwino m'chiuno, n'kumupsompsona mpaka kachipewa kanagwa."

Mayi Nabanda anaika kapu ya tiyi pansi mosamala. "Nanga odwala?"

"Sanawatchule, mayi. M'mabuku onsewa mulibemo wodwala."

Ndinalakalaka nditalowa m'dengu la zochapa. Kenaka alamu anaphulika nako kuseka, misozi mbwe mbwe. Kasekedwe kawo kanali ka malemu achimwene awo enieni, ndipo chichitikireni maliro munthu anali asanasekepo m'chipinda muja. Ine ndinaseka ndikulira, Esnati chimodzimodzi. Mayi Nabanda anayesetsa kulimba, koma mapewa anawaulula.

"Mlamu," anatero a Filipo atapeza mpweya, "mwanayu akuwerenga kuposa makalaliki anzanga. Sapita kulikonse. Koma mabuku ndizisankha ndine."

Mayi Nabanda ananyamula asanu kuti akawatenthe (utsi wake sindinauone). Alamu anayamba kubweretsa mabuku a galamala ndi nkhani za ana oyenda maulendo, ndipo ine ndinaphunzira kuti buku likalowa m'nyumba, mwana ayambe wandimasulira tsamba la pakati.

Koma lachisanu ndi chimodzi lija ndinalikhalira alendo asanaliwerengere. Lolemba, nditayatsa simbi, ndinalitulutsa.

"Esnati, tseka chitseko. Tandiuza, dokotala uja anamukwatira namwinoyo, kapena ankangomutayitsa nthawi mwana wa eni ake?"