Galimoto Yanga Ilibe Mpando Wakumbuyo

Lolemba

Pepani kwambiri inu amene mungatsegule kabuku aka mwangozi. Si nkhani yoti muvutike nayo. Ndikulemba kuti ndisaiwale kanthu, chifukwa ndikaiwala chimodzi atha kukandibweza pa geti.

Mwana wanga Tiyanjane wandipatsa mphatso yoopsa. Loweruka likudzali ndikukayendetsa galimoto yanga pa bwalo la mpikisano wa magalimoto, kumapiri uko, kupitirira malire a Virginia. Si mpikisano weniweni ayi. Umangozungulira, mphunzitsi ali pambali pako. Kulibe maloboti, kulibe apolisi, kulibe munthu wonena kuti "munditsitse apa". Tiya akuti, m'Chingerezi chake chija: "Adadi, moyo wanu wonse mwakhala mukuyendetsa anthu ena. Kamodzi kokha mudziyendetse nokha."

Sakunama. Ku Lilongwe ndinali dalaivala wa bwana. Kuno ndimaimika magalimoto a eni ake mu galaja ya pansi pa nthaka ku Arlington, pafupi ndi Washington. Magalimoto amphamvu zedi, koma ndimawayendetsa ngati ndikuperekeza maliro. Madzulo ndi msewu waukulu wa I-95 kubwerera kunyumba ku Woodbridge, phazi pa buleki mpaka kufika.

Malamulo a eni bwalo, Tiya wandiwerengera pa foni:
mabuleki abwino, mafuta a mabuleki atsopano
matayala osatha
batire lomangidwa bwino
galimoto isadonthe kalikonse
chipewa cholimba, chonga cha anthu a njinga zamoto
m'kati musakhale chinthu chilichonse chogwedera. Chilichonse! Ngakhale makapeti a pamapazi.

Lomalizali ndilo vuto. Ndatsegula buti. Mwatuluka masutikesi a Mayi Phiri odikira munthu wopita kumudzi, makina osokera (a ndani?), mabuku a nyimbo a ku tchalitchi, sipika ya kwaya, mipando yopinda, ndodo za munthu amene mwendo wake unachira kalekale, ndi kampando ka khanda ka mwana amene pano akusewera mpira kusukulu. Changa m'menemo ndi jeke basi. Anthu athu nyumba zawo n'zothina, ndiye buti yanga ndiyo nkhokwe ya mpingo.

Mayi a Tiya aimirira pakhomo, manja m'chiuno: "Zimenezo m'nyumba muno ayi. Ndipo mukakafa kumeneko, ine ndikauza anthu kuti asonkhe zotumizira kumudzi maliro a munthu wofera masewera?"

Ndaunjika zonse pakhonde, ndafunditsa pulasitiki. Mutu ukuwawa.

Lachiwiri

Kwa a Daka, makaniko wa ku Chipata amene amakonza magalimoto kuseri kwa nyumba yawo. Ndawauza zoona, koma ndawapempha asauze munthu. Bambo wa msinkhu wanga, wolandira alendo pakhomo la tchalitchi, kukathamangitsa galimoto ngati wosuta chamba!

Aseka mpaka kukhala pansi pa tayala. "Ba mudala, iyi motoka izathamanga na ndani? Na wilibala?"

Koma ntchito agwira. Mabuleki atsopano kutsogolo. Mafuta a mabuleki akale atuluka akuda bii. Akuti mafuta otere amawira mabuleki akatentha, ndiye umaponda n'kupeza phazi lafika pansi, galimoto ikungopita. Batire amangirira. Manati a matayala amanga, ndipo iwo atalowa m'nyumba kukamwa madzi ndabwerezanso ndekha.

Kenako ndagwedeza mpando wakumbuyo. Ukugwedera! Pang'ono, koma ukugwedera.

"Siyani, mudala, uyo ni mupando chabe," akutero a Daka.

Koma lamulo likuti chilichonse. Ndauchotsa, ndausiya pakhonde pawo. Galimoto yasanduka phanga. Ndikatsokomola chifuwa chikundibwerera.

Pobwerera kunyumba galimoto yapepuka ngati mbuzi yomasulidwa pa chingwe. Kwa kanthawi ndamva chinthu chachilendo pachifuwa. Mwina ndi chimwemwe. Mwina ndi kuthamanga kwa magazi.

Ndalemba pa gulu la mpingo la pa foni: "Abale, pepani kukuvutitsani. Amene muli ndi katundu kwa ine mudzatenge chonde. Galimoto pano ilibe kanthu, ndipo mpando wakumbuyo ndachotsa." Ndawerenga mobwereza ndisanatumize. Palibe cholakwika.

Lachitatu

Cholakwika chilipo.

Wobwera kudzatenga katundu wake: palibe ndi mmodzi yemwe.

Oimba foni:
a Mbewe, akusamuka, akufunsa ngati firiji ingalowe
mayi wina wa ku Lusaka amene sindikumudziwa n'komwe, ali ndi matiresi
a kwaya, akuti ndiye ng'oma zonse zizikhala kwa ine

Aliyense wangowerenga mawu oti "ilibe kanthu". Enawo adumpha.

Masana Mayi Phiri, wapampando wa amayi a mpingo: "Achimwene, Mulungu wakuyankhulani ndithu. Migolo yathu yopita kumudzi takhala tikusowa woinyamula, ndipo a kontena, otumiza katundu aja, akutseka mawa."

Ndafuna kukana. Koma ndavomera. Mayi Phiri ndi amene anagona pansi pabalaza pathu masiku onse a maliro a mayi anga, pamene ine ndinalephera kupita kumudzi kukaika. Munthu wotere umamuuza kuti uli ndi masewera?

Mawa ndi Lachinayi chabe. Loweruka likadali kutali. Ndikudzilimbitsa mtima choncho.

Chipewa ndabwereka kwa mnzanga wa kuntchito. Ndachiyesa ku bafa, chitseko chokhoma. Ndikuoneka ngati dzungu lomera pa tsinde la chimanga. Ndikavala sindikumva foni, sindikumva mayi a Tiya akugogoda. Chabwino cha lero n'chimenechi.

Lachinayi

Migolo ku Wheaton. Yolemera ngati muli miyala. Muli mpunga, nsapato, sopo, mabulangete, ndipo pamwamba aikapo zigubu za mafuta ophikira zimene zakanika kulowa. Galimoto yakhala pansi kumbuyo, mphuno kumwamba. Matayala anga! Ndikuwamvera chisoni pa bampu iliyonse.

Mayi Phiri akhala kutsogolo, akulozera njira ndi dzanja pamene tadutsa kale pokhotera.

Pamsewu waukulu lole yadula kutsogolo kwanga. Ndaponda buleki. A Daka sananame, mabuleki atsopano amagwira. Galimoto yaima pomwepo. Chigubu cha mafuta sichinaime.

Chaphulika! Mpando wotchinga kulibe, makapeti omwa mafuta kulibe, zonse ndinachotsa ndekha ndi manja angawa. Mafuta ayenda mwaufulu kuchokera kubuti, kudutsa pansi pa mpando wanga, mpaka pa buleki.

Mayi Phiri agwira pamtima: "Mukuyendetsa bwanji lero, achimwene? Ngati muli pa mpikisano!"

Ndapitiriza ulendo, phazi likuterera pa buleki.

A kontena akana mgolo umodzi, akuti chivindikiro chake n'chong'aluka. Wabwerera nane ku Woodbridge. "Ungokhala kaye kwa inu," akutero Mayi Phiri, "malo alipo."

Lachisanu

Ndapempha tchuthi kuntchito. Tsiku lonse chogwada.

Ndayesa sopo wa mbale. Madzi otentha. Nyuzipepala. Ufa (mayi a Tiya sakudziwa). Mchenga wa chimbudzi cha amphaka, nzeru ya mzungu woyandikana nafe, amenenso wandithandiza kutsitsa mgolo uja osafunsa funso, Mulungu amudalitse.

Nsapato ikutererabe pang'ono pa buleki. Ndakwecha buleki ndi mswachi. Ndakwechanso nsapato. M'galimoto mukununkha ngati pa chiwaya. Pansi pa chitseko pakudontha kadontho kamodzikamodzi. Eni bwalo akandifunsa ndidzati si oyilo, bwana, ndi wophikira, nyambitani muone.

Madzulo zayamba kuoneka bwino. Mphepo ya m'matayala ndayeza, ndayezanso. Nambala ya pa mpikisano ndamata ndi tepi pa zitseko zonse ziwiri, yowongoka bwino, ndinagwiritsa rula. Ndaima patali kuiyang'ana. Galimoto yanga yakale, ya mpingo, ili ndi nambala!

Tiya waimba. Akuti ndisachedwe, chifukwa atsopano amayamba ndi maphunziro a m'mawa, ndipo wophonya maphunzirowo salowa m'bwalo. Akuseka ngati ali kamwana. "Mwakonzeka, adadi?" Ndati ndakonzeka.

Nditangodula, foni ina. A Chisale, mkulu wa mpingo, wa ku banki yaikulu ya mu Washington. Ndi amene anandigoneka kwawo nditangofika kumene, ndi amenenso anandipezera ntchito.

"Achimwene, apongozi anga akutsika ndege mawa m'mamawa pa bwalo la ndege la Dulles. Ine ndili ku msonkhano ku New York, madamu ali pa ntchito kuchipatala. Abwera ndi katundu wa anthu ambiri. Ndamva kuti yanu ilibe mpando."

Sabata yonseyi ndakhala ndikuyeserera pa galasi la ku bafa kunena kuti ayi. Ayi, pepani. Ayi, ndili ndi zina. Ndatsegula pakamwa, ndipo patuluka: "Ndege ikutera nthawi yanji?"

Komabe Dulles ili cha kunjira ya kumapiri komweko. Ndege ikafika msanga, katundu akatuluka msanga, gogoyo akayenda msanga, zitheka. Ndikupemphera kuti kumwamba kukhale mphepo yokankha.

Loweruka

Ndege yachedwa.

Sindikuimika galimoto kumalo oimikirako, n'kutali, ndikufuna akangotuluka tinyamuke. Koma pakhomo la ofika salola kuima. Wapolisi akundikupiza ndi dzanja. Pita! Ndapita. Msewu wake umatuluka, kukhota, n'kubwereranso pakhomo lomwelo.

Ndazungulira. Ndazunguliranso.

Nambala pa zitseko, chipewa pa mpando wakutsogolo. Ulendo wina wapolisi uja wayang'ana nambala, wayang'ana chipewa, wayang'ana imvi zanga, n'kupukusa mutu. Pita!

Nthawi ya maphunziro yakwana ndili kuseri kwa basi. Yadutsa ndili kuseri kwa basi ina. Ndikuzungulirabe. Njirayi tsopano ndaidziwa: pa kona yoyamba uyambire kunja, ulowe m'kati, usamale matakisi. Mabuleki akugwira bwino kwambiri. Palibe chogwedera.

Gogo atuluka dzuwa lili pamutu, atavala zitenje ziwiri ndi juzi, mnyamata wa pabwalo akuwakankhira phiri la masutikesi. Ufa, usipa, nyemba, tiyi, chilichonse cholembedwa dzina la mwini wake. Zonse zalowa. Malo anatsalako.

Akhala kutsogolo, pa mpando wa mphunzitsi. Chipewa aika pamiyendo, athiramo mtedza, akudya. Ndipo akuphunzitsa ndithu: "Pang'onopang'ono, bambo, sitikukazima moto." Patapita kanthawi: "Nambala ili pachitsekoyi, ndi ya matola? Bola, mukulimbikira. Ena akabwera kuno amangosewera."

Foni yalira m'thumba kangapo. Sindiyankha foni ndikuyendetsa, sindinayambe ndachitapo.

Nditawatsitsa kwa a Chisale ndi kulowetsa katundu yense, ndayang'ana. Ndi Tiya. Watumiza chithunzi. Waima pa mpanda wa bwalo la mpikisano, kumapiri kuja, wanyamula katoni yolembedwa ADADI ndi zilembo zazikulu. Anapita osandiuza. Wadikira kuyambira m'mawa, akuyang'ana galimoto iliyonse yolowa pa geti.

Ndamuimbira. Ndafotokoza za a Chisale, za ndege, za gogo. Kenako wayankha m'Chichewa, pang'onopang'ono, mawu amodziamodzi. Mwana ameneyu amayankhula Chichewa pokhapokha zikamupweteka.

"Palibe kanthu, adadi. Ndamva."

Wadula.

Lamulungu

Ku tchalitchi andiimiritsa kutsogolo. Akuti sabata ino ndaonetsa chitsanzo, munthu wochotsa mpando m'galimoto yake chifukwa cha abale. Andiwombera m'manja. Amayi aluluta. Ine ndimangoyang'ana nsapato zanga, zikunyezimirabe ndi mafuta.

Mayi a Tiya pobwerera: "Bola muli moyo." Kenako, tili pafupi kufika, motsitsa mawu: "Koma mwanayo mwamulakwira."

Usiku kunagwa mvula, ndipo pulasitiki wa pakhonde anang'ambika. Ndabwezera zonse m'galimoto. Masutikesi, makina osokera, sipika, ndodo, ndiponso mgolo. Tepi ya nambala ndamatula, yachoka ndi penti, ndiye nambala ikuonekabe pa zitseko. A Daka akuti mpando wanga ndisathamangire kuutenga, alendo awo akuukonda.

Chipewa ndikabweza mawa. Ndachikutumula, koma m'kati mukadali makoko a mtedza.

Tiya sakuyankha foni. Ndamulembera, ndafufuta, ndalembanso. Ndatumiza izi:

"Mwana wanga, pepa. Ndamva kuti eni bwalo ali ndi tsiku lina mwezi wamawa. Mabuleki akadali atsopano. Ngati ukufunabe, ubwere udzagone kuno Lachisanu lake, udzandilande foni, tidzapite limodzi. Chonde undiyankhe Lachitatu lisanafike. Loweruka lomwelo kuli chinkhoswe ku Wheaton, andifunsa kale za mipando ndi mapoto, ndipo ndawauza kuti ndiganiza kaye. Ukachedwa, ndikudzidziwa ndekha, ndivomera."