Dzenje lomaliza linagwera m'bafa

Nkhani iyi ndaibisa zaka zambiri, ngakhale akazi anga amangodziwa theka lake. Lero ndiulula, mundiseke mpaka mukhute.

Chakumapeto kwa ulamuliro wa chipani chimodzi ndinalembedwa ntchito pa ofesi ina ya zaulimi ku Liwonde. Ndinali pa miyezi itatu yoyesedwa, kulakwa pang'ono basi kwanu. Mu ofesimo munali kompyuta imodzi yofunditsidwa nsalu, ndipo wodziwa kuilembera pulogalamu m'chinenero cha BASIC ndinali ine ndekha. Matama ake!

Abwana anandituma kukonza mapu odzalira mango pamunda wachitsanzo kufupi ndi Ntaja. Apo n'kuti nditatengeka ndi zisa za njuchi. Bwanji timabowo take timakhala ndi ngodya zisanu ndi imodzi? Ndinapeza kuti mitengo ukaidzala motero, pamunda pamalowa yambiri. Chinsinsi chake n'chapafupi: mzere woyamba uyambire pamalire, wachiwiri ulowe mkati ndi theka la mpata, wachitatu ubwerere pamalire, chonchobe mpaka kumapeto.

Ndinalemba pulogalamu, pulinta inalira, n'kulavula manambala a dzenje lililonse: mamita akuti kum'mawa, akuti kumpoto. Pepalalo ndinakapereka kwa kapitawo wa pamundapo, Che Bwanali.

"Akalaliki, ife kuno timayeza ndi chingwe cha mfundo zitatu," anatero.

"Zachikale zimenezo. Tsatirani pepala, musaganize!"

"Kompyutayo anafikako kumunda kuno?"

"Safunika kufika."

Patatha masiku awiri uthenga unandipeza ku ofesi: maenje akuthawira kum'mawa. Ndinayankha mwachidule kuti kompyuta silakwa, apitirize.

Tsiku lachitatu ndinakwera njinga yamoto kukaona ntchito yanga. Abale inu! Mizere yoyambirira inali yokongola ngati chisa chenicheni, koma mzere uliwonse unkasendera kum'mawa kuposa unzake. Ndinali nditaiwala kuuza kompyuta kuti izibwerera pamalire. Iyo inkangowonjezera theka, theka, theka, ndipo munda wonse unapendekeka.

Maenje analumpha malire, anadula njira ya kumjigo, analowa m'chinangwa cha eni ake. Munthu wanzeru akanayamba kupepesa pomwepo. Ine chinandigwira ndi chidwi! Ndinatsatira zikhomo zosonyeza pokumba, pepala m'manja, kufuna kudziwa kuti chomaliza chagwera pati.

Chinagwera m'bafa la udzu la a tcheyamani a chipani a m'deralo. Aganyu awiri anali ataima panja ndi makasu, kudikira mwaulemu kuti mwini wake amalize kusamba.

"Che Bwanali, simunaone kuti zalakwika?"

"Tinaona kalekale. Koma munati tisaganize. Nanga pepala la boma alitsutse ndani?"

A tcheyamani anatuluka, thaulo m'chiuno, thovu kukhutu. Apa ndiye mantha anandipeza! Masiku amenewo liwu limodzi la munthu ameneyu likanathetsa ntchito yanga, mwinanso zoposa ntchito.

"Wakutumani ndani kukumba bafa langa?"

"Ndi kompyuta, bwana."

"Ngwakuti ameneyo?"

"Ali ku ofesi ku Liwonde. Anachokera kunja."

Anandiyang'ana, madzi akudontha m'ndevu.

"Khadi la chipani ali nalo?"

"Iyayi, bwana."

"N'chifukwa chake alibe mwambo! Mukamugulire lero lomwe, nkhaniyi ithere pano."

Sindinawawongolere, ndikanayamba bwanji? Mawa lake Che Bwanali anayeza munda wonse ndi chingwe chawo chija dzuwa lisanafike pamutu, osandinena ngakhale liwu limodzi. Abwana atabwera anapeza chisa chabwinobwino, nandiyamikira chifukwa cha luso la makono. Pantchito ndinakhazikika.

Khadilo ndinaguladi. Dzina: Kompyuta. Mudzi: Liwonde. Ndinalimata pambali pake, ndipo chodabwitsa n'choti kuyambira tsiku limenelo sinalakwitsenso.

Musanauze anzanu kuti asaganize, yambani mwaona ngati inuyo mwaganiza.