Tambala wa Chinkhoswe ndi Galimoto Yopanda Injini

Amene akuti ndine wabodza aimirire pompano ndimuone nkhope, asamang'ung'udzire kuseri kwa kontena uko. Inu a Rajabu, ndakumvani, zimitsani makina ometerawo mumve bwino, chifukwa ndinu mwakhala mukufalitsa mu Dunoon wathu muno wa ku Cape Town kuti galimoto iyi, imene ndakhala pakhomo pakeyi, sinasunthepo pa njerwazi chiibweretsereni. Ine Jailosi Kamwendo wa ku Ntcheu, amene ndadulira maluwa azungu a ku Table View mpaka imvi kumera m'mutu, ndinaiyendetsa galimoto imeneyi kuchoka pano kukafika ku De Doorns, kuseri kwa mapiri uko, ndipo ngati ndikunama mano otsalawa agwere m'kapu ya tiyi ndikuona.

Galimotoyi anandipatsa ndi dona amene ndinkamugwirira ntchito, amuna ake atamwalira, iye akusamukira kwa ana ake kutsidya la nyanja. Suzumirani muone nokha, si galimoto wamba iyi, ndi nyumba yoyenda: muli bedi, sitovu, sinki, firiji, ndi kachimbudzi koti ukalowamo mawondo amatsalira panja. Vuto lake linali giyabokosi basi, inali itatha mano ngati mwini wake. Ndinaikokera pabwalo pano kwa makaniko athu a Banda, aja obadwira ku Zimbabwe olankhula Chichewa chothira Chishona, ndipo iwo anaiyang'ana, nkugwedeza mutu, nkunena kuti, "Mangwana, sekuru, mangwana inyamuka." Mangwana ndiye kuti mawa, sekuru ndiye kuti agogo. Ine ndinakhulupirira, ndipo apo ndi pamene panayambira zonse.

Nthawi imeneyo Limbani, mwana wa malemu mlongo wanga, anali atapeza mbeta. Dzina lake Esinati, wa ku Dedza, ankathyola mphesa pa famu ina ku De Doorns komwe amalume ake, a Matewere, anali kapitawo. Limbani alibe mayi, alibe bambo, ndipo ku Joni kuno wamkulu wake ndi ine ndekha, choncho unkhoswe unagwera ine. Mukudziwa inu kuti pa chinkhoswe akuchimuna sapita chimanjamanja: pamafunika khasu, nkhwangwa, ndi tambala wamoyo, wolira, woti ukamupereka kwa akuchikazi iwo akubwezere nkhuku yathadzi. Anyamata ena kuno ayamba kupita ndi nkhuku ya mufiriji yokutidwa pulasitiki, ati ku Kepi nkhuku zamoyo nzosowa. Ine ndinati mwana wa mlongo wanga sakwatira ndi nkhuku yopanda mutu. Ndinakwera takisi mpaka ku Philippi, ndinazungulira m'minda ya sipinachi mpaka nsapato kung'ambika, ndipo ndinapeza katambala kofiira, kongoyamba kumene kulira, mawu ake akadali osweka. Popeza galimoto inyamuka mawa, ndinati kagone momwemo usiku umodzi wokha, ndipo ndinakatsekera mkati.

Mukumva? Mawa lija linafika, a Banda ati giyabokosi ikuchokera ku Durban. Mawa linalo ati lole yoinyamula yafera pa njira ndipo ikudikira giyabokosi yakeyake. Kenako ati yafika koma ndi ya thirakitala. Kenako anachotsa injini yonse kuti aione bwino, nkuibwereketsa kwa munthu wina wopopa madzi kuti isachite dzimbiri pongokhala. Ndipo mvula ya ku Kepi inabwera, inatha, mphepo inabwera, maluwa anaphuka, ana amene ankakwawa pabwalo pano anayamba sukulu, ine ndikungoimbira a Matewere foni kuti pepani achimwene, sabata yamawa tifika. Tsiku la chinkhoswe tinalisuntha mpaka manyazi anandithera.

Nthawi yonseyi tambala uja ali mkati, akudya. Mayi a kunyumba, a Nabanda, ankamuponyera pawindo zotsala za ku saluni kwawo, tchipisi, mikate, mitu ya nsomba ya snuku; azimayi a ku Philippi ankatumiza masamba; iye mwini anaphunzira kutsegula firiji ndi mlomo, nkumatsitsira ndi girizi wa a Banda. Anakula, abale. Anayamba kugona pabedi miyendo ili pa sitovu, lipombo lake likukhula denga, ndipo akalira m'mawa ma alamu a magalimoto ankalira kuchokera pano mpaka ku Milnerton, masitima a ku Kraaifontein nkumanyamuka nthawi isanakwane poganiza kuti wina waimba wezulo. A Rajabu, si inu munabwera kudzadandaula kuti galasi lanu lometera lasweka? Lero mwaiwala.

Ndiye Lachisanu lina foni inalira, a Matewere. Sanapereke ngakhale moni. "A Kamwendo, ntchito ya mphesa yatha. Basi ya ku Malawi inyamuka mawa dzuwa likapendeka. Mukapanda kufika ndi tambala wanu, mwanayu ndikupita naye ku Dedza, ndipo kumeneko alipo ena omufuna." Nkudula.

Limbani anali pomwepo, anamva zonse. Anangokhala pa njerwa apo nkuzyolika, mnyamata wamkulu wonyamula matumba a simenti awiriawiri misozi ili mbwembwembwe. Pamenepo ndisaname, mtima unandiwawa kwambiri. Mlongo wanga akumwalira ku Ntcheu ine ndinali kuno, sindinathe kupita kukamuika, ndipo chimene ndikanamuchitira padziko pano chinali chimodzi chokha, kumuimirira mwana wakeyu ngati munthu wokhala ndi abale. Ndinamuuza kuti dzuka, kasite malaya.

Mwina mukuti bwanji osangokwera takisi tambala ali pamiyendo. Mwaganiza bwino, nanenso ndinaganiza zomwezo, koma titatsegula chitseko kuti timutulutse panangotuluka mutu wokha, mapewa anakana. Tinamukoka miyendo, tinamudzoza mafuta ophikira, anyamata a pa renki ya matakisi anabwera ndi chingwe, ayi ndithu, galimoto yonse ndi imene inkabwera. Ndiye nkhani inali yachidule: kumene kukupita tambala, galimoto ipitanso, injini ikhalemo isakhalemo.

M'mawa wa Loweruka kunadzuka mphepo ija mukuidziwa, ija imachotsa malata m'Dunoon muno nkukawafoletsa nyumba za eni ake ku Philippi. Ine ndinangoti zikomo Ambuye. Ndinauza a Nabanda asonkhanitse zitenje zonse za azimayi operekeza, za Chikhristu ndi za Chisilamu zomwe, analumikiza ndi ulusi wolukira tsitsi, tinazimangirira pa mlongoti wa dishi ya kanema padenga, azimayi anadzipanikiza mkati mozungulira tambala, wina pansi pa phiko, wina m'sinki, Limbani atakumbatira khasu ndi nkhwangwa m'kachimbudzi, ine pa chiwongolero, ndipo nditangomasula handibuleki chitenje chinafufuma, galimoto inalumpha ngalande, inadutsa pa renki matakisi onse nkuoneka ngati aima, inalowa mumsewu waukulu wa ku Paarl a Banda akutithamangira m'mbuyo ndi sipanala akukuwa kuti mangwana, mangwana, sinathe!

Liwiro lake musafunse. Tinadutsa Kraaifontein azimayi atangoyamba nyimbo, ndipo mawu a nyimboyo anatsalira m'mbuyo, moti tinkangoona milomo ikuyenda popanda chomveka. Chithunzithunzi cha galimoto chinatopa nkukhala pansi pa mlatho wina kuti chipume. Wapolisi wa pamsewu anatiimika, ine ndinatsitsa chitenje mwaulemu, iye anazungulira, anasuzumira kutsogolo anapeza mulibe injini, anasuzumira pawindo anakumana ndi diso la tambala lalikulu ngati mbale, anavula chipewa nkudzikanda, ati iyi ndiilembe ngati galimoto, ngati nyumba, ngati boti, kapena ngati khola? Asanapeze yankho tambala anayetsemula, ndipo wapolisi uja anakatera pa mpando wa njinga yake yamoto atayang'ana kale ku Cape Town.

Koma titangopitirira Paarl, pamene phiri limayambira, mphepo inangoti zii. Mukudziwa mphepo ya ku Kepi ndi ya m'tauni, kumapiri siipitako. Galimoto inaima, kenako inayamba kubwerera chambuyo pang'onopang'ono, dzuwa lili pamutu, ndipo Limbani anatulutsa mutu m'kachimbudzi muja nkundiyang'ana. Kuyang'ana kumeneko sindidzakuiwala. Pamwala pafupi panali anyani, gulu lonse, akutiyang'ana ngati tabwera kudzawasangalatsa. Ndinatsika, ndinavula jekete, ndinapita kwa wamkulu wawo nkumufotokozera bwinobwino, mwaulemu wake, kuti achimwene, uyu ndi mwana wamasiye, akupita kukatomera, ndipo nyani uja, poti nayenso ndi munthu wa banja, anatembenuka nkukuwa kamodzi, anyani onse anatsika, anaika mapewa kumbuyo kwa galimoto, nkuyamba kukankha azimayi akuwaimbira nyimbo ya chinkhoswe, mpaka tinafika pamwamba penipeni pamene mitambo imalowa pawindo ili nkutulukira linalo. Malipiro awo anali mandasi a a Nabanda, ndipo mpaka lero nyani wa m'phiri limenelo akaona Mmalawi amaimika dzanja.

Tsono kutsika! Ndinaponda buleki, phazi linangobowola pansi nkukhudza tara. Mateyala anayamba kutsalira limodzilimodzi chifukwa sankatha kulingana ndi liwiro la galimoto, ndinawaona ndi maso angawa pagalasi akutithamangira m'mbuyo, ndipo kutsogolo kunali phompho loti ukaponyamo mwala umamva kugwa kwake Lachiwiri. Azimayi anasiya nyimbo nkuyamba mapemphero, awa a Yesu, awa a Allah, onse pakamodzi. Ine ndinangotembenuka nkumuuza tambala kuti iwe, wadya zanga nyengo yonseyi, lero ndi tsiku lako. Mukumva? Anatulutsa phiko limodzi pawindo la kumanja, lina la kumanzere, anakupiza kamodzi, kawiri, ndipo nyumba yonse ndi bedi, sinki, azimayi, khasu ndi mkwati inanyamuka m'mwamba, tinadutsa pamwamba pa Worcester anthu akuloza, ine ndikuwongolera pomukoka lipombo, mbalame zikutipatsa njira, mpaka ndinaona mizere ya mphesa ndi basi yoyera itaima pa geti la famu, katundu ali kale padenga.

Tinatera pakati pa basi ndi geti, fumbi koboo. Fumbi litatha ndinaona Esinati ataima pakhomo la basi, phazi limodzi lili kale mkati, chikwama m'manja, maso ofiira ndi kulira. A Matewere anayang'ana galimoto, anayang'ana ine, ndipo munthu uja sanadabwe ngakhale pang'ono. Anangoti, "Mwafika. Tambala ali kuti?"

Apa ndiye panali povuta, chifukwa mwambo ndi woti tambala umupereke m'manja, ndipo wanga sankatuluka pakhomo. Anayala mphasa pansi pa mtengo, akuchikazi anakhala mbali yawo, ife mbali yathu, dalaivala wa basi akuliza hutala, ine thukuta lili kamukamu. Ndiye mayi wina wa akuchikazi anabwera ndi nkhuku yawo yathadzi, kankhuku kakang'ono kamawangamawanga, nkukaika pamphasa moyang'anana ndi chitseko cha galimoto. Tambala uja anasuzumira, anakaona, nako kanamuyang'ana ndi diso limodzi. Abale, manyazi a pachikamwini ndi oopsa. Chimphona chija chimene chinagwetsa wapolisi ndi chimfine chinazyolika, chinayamba kufota, kufota, kufota, mpaka chinatsika pa sitepe chili tambala wamba woti mwana angamunyamule m'khwapa. Nchifukwa chake pa zithunzi za m'foni zimene a Rajabu akuonetsa anthu akuoneka wamng'ono. Munajambula mochedwa.

Ndinamunyamula ndi manja awiri, ndinagwada, ndinamupereka kwa a Matewere pamodzi ndi khasu ndi nkhwangwa, iwo anandipatsa kathadzi kaja, nthungululu zinamveka mpaka m'mapiri, ndipo Esinati anachotsa phazi lake m'basi. Basi inapita yopanda iye. Limbani anandigwira dzanja osalisiya, akungoti amalume, amalume, ndipo ine ndinayang'ana kumwamba nkunena mumtima kuti mlongo wanga, waona, mwana wako sanaime yekha.

Tsono a Rajabu akuti zonsezi nzabodza, ati tinapita pa bakki, kalole kakang'ono ka munthu wogulitsa makala, tambala ali m'katoni ya nthochi yoboola, ine nditakhala kumbuyo jekete lili kumutu. Akuti umboni wake ndi woti galimotoyi ili pa njerwa, ilibe mateyala. Nanga ndanena kuti chiyani ine? Mateyala tinawasiya m'phiri, akubwera, ndipo a Banda anditsimikizira kuti afika mangwana.

Koma inu amene muli ndi maso, yang'anani pansi pa galimotopo. Nkhuku yamawangamawanga iyo ikutsogolera anapiye, inachokera kuti? Makatani awo pawindo anasoka ndani? Matewera ali pa mlongoti wa dishiwo ndi a yani? Esinati, tatuluka nayeni mwanayo, amalume akewa amuone! Ameneyo dzina lake ndi la mlongo wanga, anabadwira pabedi lomwe ankagona tambala. Ndiye inu a Rajabu, muyang'aneni mwanayo m'maso, mumuuze nokha kuti galimoto iyi sinafike kulikonse.