A Lourenco ndi Mnyamata wa Pamtsinje

Ku Namwera kunalibe munthu wolangiza anthu a m'kanema ngati a Lourenco. Ena ankapita kukaonera, iwo ankapita kukathandiza.

Anabwera ndi akazi awo, a Celestina, m'zaka za nkhondo ya ku Mozambiki, atadula tchire wapansi, mphasa ili pamutu. Choncho pa nkhani ya ulendo sankafuna kutsutsidwa.

Che Swadick anali ndi vidiyo ya jenereta kuseri kwa golosale yawo, mazenera otchinga ndi ziguduli. Mwa matepi awo munali ina ya mnyamata wa tsitsi lalitali, wa lupanga m'chiuno, amene ankafunafuna njira ya kwawo kudutsa m'dziko la zimphona. Chingerezi chake a Lourenco sankachimva, ndipo sankachisowa.

"Choka pakati pa msewu, iwe!" ankakuwa. "Ponda mmene mwaponda ng'ombe!"

Mnyamatayo ankangoyendabe pakati pa msewu.

"Sanaionepo nkhondo ameneyu."

Chinjoka cholavula moto chikatulukira, anthu n'kuyamba kugwirana, iwo ankangoti, "Chimenechi n'chaulemu, chimayamba chabangula. Zinjoka zathu zija, mabomba, zinkangokhala phee m'dothi."

Vuto linali kumapeto. Tepiyo inachokera ku Joni, ndipo wina kumeneko anajambulirapo ukwati. Mnyamata akangofika pamtsinje waukulu, kwawo kukuonekera tsidya, chithunzi chinkanjenjemera, kenako pankabwera anthu a masuti akudula keke.

"Ukwati uwu si wake," a Lourenco ankauza anthu. "Mkwatiyo ngonenepa. Wathu akadali pamtsinje."

Loweruka lotsatira ankavalanso jekete.

"Komwe kuja?" ankafunsa a Celestina.

"Mwina lero madzi aphwa."

Aphunzitsi a Blackson, amene anawerengapo buku lomwe kanemayo anachokera, anayesa kuwatonthoza pamsika. "Bambo, m'bukumo amawoloka. Amafika kwawo bwinobwino."

"Munamuona?"

"Ndinawerenga."

"Ndiye kuti nanunso munangomva."

Nkhondo itatha, malole anayamba kubweza anthu kwawo. A Celestina anagulitsa nkhuku, namanga katundu. Anansi ananyamuka, a mpingo ananyamuka, katundu wawo ali pakona. A Celestina akafunsa za tsiku lonyamuka, yankho linali limodzi: "Tingamusiye bwanji mwana wa eni ake pamtsinje?"

Anthu ankaseka, koma a Celestina ayi. Ankakumbukira kuti tsiku lothawa lija amuna awo anacheuka, naona utsi pamudzi. Iwo sanacheuke, n'chifukwa chake mtima unali kwawo. Ndipo malole anali atayamba kuchepa.

A Celestina, amene anali asanapondepo pa vidiyo, anakaima pakhomo la golosale, maso pansi.

"Che Swadick, muwolotseni mwanayo mvula isanagwe. Ndikufuna ndikadzale kwathu."

Che Swadick sanaseke. Anatsikira ku boma ku Mangochi, nakabwereka tepi yosajambulidwapo ukwati.

Loweruka limenelo a Celestina anakhala pa benchi lakumbuyo. Msewu unadutsa, chinjoka chinadutsa, malangizo onse anaperekedwa. Mnyamata anafika pamtsinje. Anthu anadikira keke, keke osabwera. M'bango munali bwato.

"Usaimirire m'bwato!" anakuwa a Lourenco, koma mawu anatuluka ang'ono. Kuchokera pamenepo sanalangizenso. Mnyamata anawoloka, nakwera kaphiri. Nyumba inali chiimire, mayi ake ali pakhomo.

Jenereta itazima, anthu anatuluka, a Lourenco ali chikhalire.

"Kwawo sanawotche," anatero. Kenako anawonjezera: "Koma denga lija likufunika udzu."

Anatembenuka kuyang'ana kumbuyo. "Mayi, chikwakwa chija munaika m'katundu?"

"Chili pamwamba penipeni," anayankha a Celestina.

Anakwera lole ya sabata yomweyo. A Lourenco anaima pafupi ndi dalaivala, kumuuza poponda.

Uthenga unabwera ndi ogulitsa chimanga a m'malire. Pamudzi paja anapeza mtengo wa mango wokha. Anamanga pansi pake, anafolera okha, anakolola kamodzi, ndipo dzinja lotsatira a Lourenco anamwalira m'nyumba yosadontha.

Vidiyo ya Che Swadick ikadalipo, matepi achuluka. Anthu amaonera mwakachetechete, mawu onse kumveka bwino. Koma chinjoka chikatulukira, akuluakulu amayang'ana pa benchi lakutsogolo, pomwe pankakhala jekete lija. Ndipo anthu a m'kanema amangoyenda pakati pa msewu, popanda wowauza.