Tsiku Limene Dyson Anang'amba Buluzi

Mwambi uwu, ana inu, kwawo ndi ku Balaka, ndipo unayamba motere. Masiku amenewo makompyuta anali a chitumbo kumbuyo, ndipo munthu ankadikira uthenga umodzi mpaka tiyi kuzizira. Zinali zochedwa, komatu anthu ankadziwana podikirapo.

Kuseri kwa sitolo ina, Mayi Nachisale ankaphunzitsa achinyamata kuteteza makompyuta kwa akuba a pa intaneti. Anali ndi kompyuta yakale yophunzirirapo imene ophunzira anaitcha Buluzi, chifukwa m'mawa sinkagwira ntchito isanatenthe kaye. Aliyense ankayesa kuithyola, kutanthauza kulowamo mobera osapatsidwa mawu achinsinsi, kuti adziwe polowera mbava.

Dyson Kalitsiro yekha ndiye ankakana. Iye ankangoloweza buku, n'kumati zothyolathyola n'za akuba, munthu wa sukulu amadziwira m'mutu.

Linafika tsiku la mayeso, ndipo wokhoza anali woti alembedwe ntchito pomwepo. Mayi Nachisale anauza aliyense kuti athyole Buluzi, alowe m'kati, atulutse chinsinsi chimene iwo anabisamo. Anzake a Dyson anagundika pa makiyi a kompyuta, wina kulota mawu achinsinsi, wina kusaka khomo loiwalika. Dyson anangokhala thukuta lili kamukamu, pakuti buku lija silinanene poyambira. Masana anzake atapita kukagula zitumbuwa, iye anathamangira kwa wokonza njinga kukabwereka sikuludiraiva.

Pobwera, anzake aja ndi Mayi Nachisale anapeza Buluzi atamasulidwa, ali chagada, nthambo zili mbwee, mphemvu zikuthawira pansi pa tebulo.

"Achimwene, mwatani apa?" anafunsa Mayi Nachisale, manja ali m'chiuno.

"Munati tithyole, Madamu. Ndalowa m'kati, ndipo mphafa yake ndi iyi," anayankha Dyson, atanyamula kabokosi kosungira zonse za m'kompyutamo.

Mayiwo anafuna kukalipa, koma phwete linawatsogolera. Anauza ophunzira kuti nawonso aphunzirapo: mbava yobwera ndi sikuludiraiva sifunsa mawu achinsinsi. Madzulo omwewo anakagula loko.

Koma Buluzi sanadzukenso, ndipo ntchito ija anaipeza wina. Dyson anabwereza maphunziro, ulendo uno zala zili pa makiyi tsiku lililonse, ndipo anadzakhala katswiri wophunzitsa ena. Ali ndi imvi kale, wophunzira akamuuza kuti zonse wawerenga m'buku, iye ankangomukokera mpando pa kompyuta n'kunena kuti, "Khala apa, mwanawe. Kudziwa mphafa ya buluzi n'kung'amba."